"Milk": Kanema wa Munthu Amene Anayembekeza Kuphedwa

Chakumayambiriro kwa kanemayu tiona munthu ali yekha m'khichini usiku, alikulankhula m'makina ojambulira mau. Mauwo anati adzamvedwe pokhapokha iye ataphedwa. Munthuyo ndiye Harvey Milk, ndipo anaphedwadi pa 27 November 1978, ali ndi zaka 48.

Anakonza kanemayu ndi Gus Van Sant m'chaka cha 2008. Tionamo Milk, mwamuna wokonda amuna anzake, akuchoka ku New York nakatsegula sitolo ya makamera mumseu wa Castro ku San Francisco. Katatu anapikisana nawo pa zisankho, katatu anagwa. Mu 1977 anapambana, nakhala khansala wa mzindawo. Sean Penn, amene aseŵera ngati Milk, analandira mphotho ya Oscar, ndipo ife tiona kuti inamuyenera.

Pamene patigwira mtima mpa mkangano wa 1978. Phungu John Briggs anafuna lamulo lochotsa ntchito aphunzitsi otere m'sukulu za boma ku California, pamodzi ndi ena oŵaikira kumbuyo poyera. Ambiri omuchirikiza anali Akristu, ndipo kanemayu saŵapatsa mpata wofotokoza bwino za kukhosi kwao. Chimenechi tichiyesa chilema. Komabe funso lotsalira woonera nlolemera: kodi mphunzitsi wogwira bwino ntchito yake alandidwe nsima chifukwa cha moyo wa kunyumba kwake? Ngakhale Ronald Reagan, amene sanali wa chipani cha Milk, anatsutsa lamulolo, ndipo anthu analikana povota pa 7 November.

Patapita masiku 20, Dan White, khansala mnzake amene anatula pansi udindo nafuna kuubwerera koma anakanizidwa, analoŵa pazenera m'nyumba ya khonsolo, naombera meya George Moscone, kenaka Milk. Josh Brolin samsonyeza White ngati chilombo ai, koma bambo wa khanda, wosoŵa ndalama, wodyeka mumtima ndi manyazi. M'kanemamu Milk anafika ndithu ku ubatizo wa khandalo. White anakhala m'ndende zaka 5 zokha, ndipo mu 1985 anadzipha.

Makolo, dziŵani kuti muli amuna opsompsonana, mau otukwana, ndiponso mnyamata wodzimangirira. Ku America wosakwana zaka 17 saloledwa kuonera popanda wamkulu. Anyamata ndi atsikana osinkhuka akauona adzabwera nawo mafunso, makamaka pa za Akristu aja. Nkwabwino inu muyambe mwauona.