Magetsi atha kusandutsa poizoni wa m'madzi kukhala feteleza

Mvula ikakokolola feteleza m'minda, kapena zimbudzi zokumba zikayandikana ndi zitsime, m'madzi mumalowa mchere wotchedwa nitrate. Mafakitale ena nawonso amataya madzi odzaza ndi mcherewu. Vuto lake nlakuti saoneka, sanunkha, ndipo kuwiritsa madzi sikuuchotsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asakhale ndi nitrate woposa mamiligiramu 50 pa lita imodzi. Akachuluka, amene ali pachiopsezo kwambiri ndi makanda, chifukwa magazi awo amalephera kunyamula bwino mpweya wa okosijeni ndipo khungu limada mobiriwira. M'nyanja, mcherewu umachulukitsa ndere, zomwe zikamaola zimamaliza mpweya, nsomba n'kufa. Izi zimachitika chaka ndi chaka pomwe mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja ya Gulf of Mexico.

Njira zina zomwe zilipo kale zimangosefa nitrate ndi kusiya madzi ena amchere wambiri, omwenso amafunika kotayira. Nchifukwa chake akatswiri a sayansi akuyesa kuphwanya mcherewu ndi magetsi.

Njirayi imayenda motere. M'madzi oipawo amaviikamo zitsulo ziwiri zolumikizidwa ku magetsi. Chitsulo chimodzi chimakhala ndi katalisiti, chinthu chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala popanda icho kutha. Nitrate akamatirira pa katalisitiyo, magetsi amamuchotsa okosijeni. Chotsalacho chimasanduka mpweya wa nayitirojeni, umene uli kale wochuluka mumlengalenga, kapena chimaphatikizana ndi hayidirojeni wochokera m'madzi momwemo n'kukhala amoniya.

Amoniya ndiye maziko a feteleza ngati urea. Masiku ano amapangidwa mwa njira ya Haber-Bosch, yomwe idayamba kugwira ntchito m'fakitale ku Germany mu 1913 ndipo imafuna kutentha kopitirira madigiri 400.

Mu 2022, gulu la Haotian Wang la pa Rice University ku America lidalengeza m'magazini ya Nature Nanotechnology za katalisiti wa timawaya ta mkuwa tosakaniza ndi chitsulo cha ruthenium. Poyesa, nitrate adatsika kuchoka pa mamiligiramu 2,000 pa lita kufika pochepera 50, ndipo pafupifupi yense adasanduka amoniya.

Komabe zopinga zilipo. Ruthenium ndi chitsulo chosowa komanso chodula. Magetsi ena amaonongeka pongotulutsa mpweya wa hayidirojeni, ndipo ntchitoyo ikalekera panjira pamatsala nitrite, yemwe ndi woopsa kuposa nitrate. Madzi enieni a m'ngalande amakhalanso ndi zinyalala zina zomwe zimaphimba katalisiti.

Kwa dziko ngati Malawi, lomwe limagula feteleza kunja, luso lotere likadzatsika mtengo lidzathandiza pawiri: kuyeretsa madzi ndi kubwezera chakudya cha mbewu kumunda. Pakadali pano, chitetezo chapafupi ndicho kukumba zimbudzi kutali ndi zitsime komanso kuthira feteleza pamlingo woyenera.