Mphamvu zinapita ku anthu, koma mabwalo a milandu sanagawidwe

Mu 1998 dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Kuchokera pamenepo, Khonsolo ya Thyolo ili ndi mphamvu zokonza chitukuko, kutolera misonkho ya m'misika ndi kupanga malamulo aang'ono a m'bomalo. Koma munthu wa kwa T/A Changata akaphwanya lamulo la khonsoloyo, amene amamuweruza si khansala kapena bwanamkubwa. Amakaonekera pamaso pa majisitireti, yemwe amasankhidwa ndi mkulu wa majaji potsatira uphungu wa bungwe loona za ntchito za oweruza.

Izi zili chonchi chifukwa malamulo oyendetsera dziko a 1994 analola kugawa ulamuliro, koma anasunga mabwalo a milandu pamzere umodzi. Gawo 146 likupereka udindo ku makhonsolo, pomwe gawo 103 likuletsa kukhazikitsa bwalo loposa kapena lofanana mphamvu ndi Bwalo Lalikulu ndi Bwalo la Apilo. Choncho mlandu woyambira ku Thyolo uli ndi njira imodzi ndi woyambira ku Karonga, ndipo khonsolo ikachita zosemphana ndi lamulo, nayonso imakayankha kubwalo.

Amene analemba malamulowa anali ndi chifukwa. Mu 1969 boma la Dr Kamuzu Banda linapatsa mabwalo a mafumu a m'zigawo mphamvu zozenga milandu ikuluikulu. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo apilo sinkapita ku Bwalo Lalikulu. M'bwalo lotere ndi momwe Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 pa mlandu woukira boma. Chilangocho chinasinthidwa, koma Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Komabe mafumu sanatayidwe. Gawo 110 likulola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa mabwalo a m'madera otsogozedwa ndi mafumu kapena anthu wamba, koma a milandu ya chikhalidwe ndi milandu ing'onoing'ono yokha. Lamulo la mabwalo otere linavomerezedwa mu 2011, ndipo ena analitsutsa poopa kuti zakale zija zingabwerere.

Kwa Changata nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku. M'boma la Thyolo malo ambiri achonde ali m'manja mwa maesiteti a tiyi, kotero anthu ndi opanikizana ndipo mikangano ya malire siichedwa kubuka. Abale akalimbirana munda wa makolo, bwalo la mfumu ndilo lapafupi, losalira ndalama zambiri, komanso lodziwa mbiri ya mabanjawo. Koma mkangano ukakhudza malo a esiteti okhala ndi zikalata za umwini, kapena wina akavulazidwa, nkhaniyo yadutsa msinkhu wa mfumu.

Apa ndi pamene pagona vuto. Mzere umodzi wa mabwalo umateteza mayi wamasiye wolandidwa munda kuti mawu a wamphamvu wa m'dera asakhale omaliza. Koma chitetezocho n'chopanda phindu ngati mayiyo alibe ndalama yokwerera galimoto kupita ku Thyolo Boma, kapena ku Bwalo Lalikulu ku Blantyre. Yankho lake si kupereka mabwalo m'manja mwa makhonsolo ayi, koma kuwafikitsa pafupi ndi anthu, uku khomo la apilo lili chitsegukire.