Nsima ndi ndiwo za kusekondale

Mayi aliyense wa ku Kapata kapena ku Mchini amadziwa kuti chokhutitsa ndi nsima, koma mukaiika pamphasa yokhayokha, mwana amangotema kamodzi n'kusamba m'manja. Sukulu za boma za muno mu Chipata, kaya ndi Chipata Day, Anoya Zulu, Hillside kapena Chizongwe, ndimaziona choncho.

Nsima yake ndi za m'kalasi: masamu, Chingerezi, sayansi ndi zina zotero. Imavundulidwa zaka zambiri, ndipo wolawa ndi mmodzi yekha, bungwe la Examinations Council of Zambia, pa mayeso a Giredi 12. Kuwerengera kwake n'kozondoka. Wokhoza kwambiri phunziro amapatsidwa 1, wolephera 9, kenaka amaphatikiza maphunziro 6 amene mwana wachita bwino. Ndiye mdzukulu akafika akuvina kuti wapeza mapointi 6, agogo musagwire kumutu kuti achepa. Pamenepo ndiye pathera nzeru zonse.

Kuyambira Januwale 2022, boma litachotsa fizi, manja achuluka m'mbale. Ana amene ankagulitsa tomato pamsika anavalanso yunifolomu, ndipo ine sindingadandaule nazo. Koma mphika sunakule msanga ngati banja. Desiki ya awiri pamakhala atatu, wachinayi akulembera pabondo, ndipo mphunzitsi akasenza makope a kalasi imodzi amaoneka ngati akusamuka. Nsima yophikira khamu siilephera mibulu, ndipo amene amaimeza ndi wokhala kumbuyo, kumene mawu a aphunzitsi amafika atatopa.

Apa ndi pamene ndiwo, za kunja kwa kalasi, zimagwira ntchito, ngakhale makolo ambiri amaziyesa kutaya nthawi. Mnyamata amene m'kalasi satsegula pakamwa mukamupeze ku kalabu ya JETS, ya sayansi ija inayamba mu 1968, atalumikiza batire la njinga yamoto ndi mawaya otola, akufotokoza mpaka thovu kukamwa. Wina ndi wa mtsutso. Wina amaponda ngoma ya Chingoni m'gulu la zachikhalidwe, phazi lake lomwe lija mumaliona ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala mwezi wa Febuluwale.

Temu yoyamba njothamanga, ambiri opanda nsapato, udzu ukadali wauwisi. Kukazizira, temu yachiwiri, mpira wamiyendo ndi wamanja umatenga malo, ndipo kusewera pa David Kaunda Stadium mwana amakusimba chaka chonse. Ndikudziwa ana amene Lolemba amadzukira sukulu chifukwa Lachisanu kuli mpira, masamuwo n'kulowera momwemo ngati mbamu yotsatira nsuzi.

Palinso dimba la sukulu, limene amati production unit. Kumeneko fanizo langali limatha mphamvu, chifukwa ndiwo zake n'zenizeni: repu, kabichi ndi anyezi, zothiriridwa ndi ana ovala tayi, mathalauza atapindira m'mawondo.