Wotuluka m'chipatala amafunabe womuyendetsa

Mu December 2020 akatswiri a KRISP, pa yunivesite ya KwaZulu-Natal ku Durban, adathandiza kuzindikira mtundu watsopano wa kachilombo ka korona umene udadzatchedwa Beta. Odwala adachuluka m'zipatala za mumzindawu, monga King Edward VIII ndi Addington. Amene adapulumuka adalembedwa m'gulu la ochira, komatu munthu amene wagona masabata angapo pa okosijeni amadzuka miyendo italobodoka. Kungopita kubafa, befu.

Ku Durban chipatala chachikulu chimakhala ndi akatswiri a mafizo. Amamukhazika wodwala m'mbali mwa bedi, kumuphunzitsa kupuma mokoka mpweya, kenako kumuyendetsa pang'onopang'ono. Ku England adafika potsegula makiliniki apadera a anthu amene zizindikiro sizikuwathera. Zonsezi n'zabwino. Koma nthawi ya mliri abale sankaloledwa kulowa m'mawodi, ndipo taganizani za Mmalawi wogwira ganyu ku Isipingo kapena ku Chatsworth. Akatuluka amabwerera m'kachipinda ka lendi, anzake onse ali kuntchito. Womuphikira phala palibe. Lendi sidikira, ndiye amabwerera kukanyamula katundu chifuwa chisanapole.

Kwathu ku Malawi zili mosiyana. Ku Queens kapena ku Central gadiyani ndiye msana wa wodi: amasambitsa, amadyetsa, amagona pansi pafupi ndi m'bale wake. Akafika kumudzi, wodwala sasowa womuona. Chimene timasowa ndi luso. Maphunziro a digiri ya mafizo adayamba ku College of Medicine mu 2010 momwemu, ndipo malo a mafizo ngati Kachere ku Blantyre sangafikire wa ku Chitipa. Tsono chikondi chathu chomwe chimatha kupweteka. “Gonani, agogo, musadzivute,” timatero, madzi n'kuwabweretsera pamphasa, chonsecho kugona kosalekezako ndiko kumamaliza mphamvu za miyendo. Kufukiza masamba a bulugamu, monga anzathu Azulu amachitira ndi umhlonyane, kungatsegule mphuno, koma sikubweza minofu.

Ine ndikuona kuti chuma chili kwa ife, tikungochisiya chigonere. Gadiyani ataphunzitsidwa tsiku lotuluka mmene angamuimiritsire wodwala, mtunda woti ayende lero ndi mawa, komanso nthawi yomuuza kuti apume, angachite zambiri. A Unduna wa Zaumoyo, phunzitsani magadiyani. Nanu a mipingo ndi mizikiti ya Amalawi ku Durban, m'bale akatuluka m'chipatala gawanani masiku omuyendera, ndipo musonkhe ya lendi kuti asathamangire kuganyu.