Tebulo la ku China ndi Mkungudza wa pa Mulanje

Kwa zaka zambiri alendo ofika pa Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, akhala akulandiridwa ndi fungo la timabokosi ta mkungudza. Mtengo umenewu, umene chiswe sichiudya, udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi m'chaka cha 1984. Koma kafukufuku wa m'chaka cha 2017 adapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha paphiri lonselo. Tsono funso nali: mwa matabwa onse amene adatsika paphiripo ali pamitu ya anthu, ndi angati amene zidzukulu zidzawaone?

Funso lotere adaliyankha kalekale ndi manja awo amisiri a kutali ku China, m'nthawi ya mafumu a Ming, kuyambira 1368 kufikira 1644. Iwo ankapanga matebulo ndi mitengo yolimba yotchedwa huanghuali ndi zitan; wachiwiriwu ndi mbale wake wa mlombwa. Sankadalira misomali ayi. Ankaboola mwendo wa tebulo, nasema nsonga ya mtanda kuti ilowe m'bowomo ndi kugwira nganganga. Thabwa lapamwamba ankalilowetsa m'ngalande za felemu osalimata, kuti likafufuma ndi chinyontho kapena kufota ndi chilimwe lisang'ambike. N'chifukwa chake ena mwa matebulowa akadali chiimire patapita zaka 400.

Kudziwa zaka za tebulo lotere si ntchito yamasewera, pakuti kawirikawiri amisiriwo sankalembapo dzina kapena chaka, ndiponso kapangidweka kadapitirira mpaka mu ufumu wotsatira wa Qing. Choncho akatswiri amaligadamika tebulolo, nayang'ana kalumikizidwe ka matabwa ndi kuperepeseka kwa miyendo. Kenaka amaliyerekeza ndi zithunzi za m'mabuku akale ndiponso timipando topezeka m'manda odziwika chaka chake. Amene adatsegula ambiri m'maso pa luso limeneli ndi Wang Shixiang, m'buku lake la 1985.

Ku Mulanje, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust labzala mbande zikwizikwi za mkungudza, koma mbande sikhwima msanga. Podikira, mnyamata wotsiriza sukulu amene watenga sowo ndi tchizulo aganize bwino. Tebulo lothyoka pakatha zaka zitatu limabwezera nkhwangwa kunkhalango. Lolumikizidwa mwaluso limapumitsa nkhalango mpaka mibadwo itatu.