Mfuu Yaifupi ya Rada ndi Makina Oiyesera

Aliyense amene anawetapo mbuzi m'tsinde mwa phiri adziwa kuti wofuna kumva mawu ake akubwerera kuchokera ku thanthwe sakoka mfuu. Amafuula kamodzi, nakhala duu, natchera khutu. Akaikoka mfuuyo, mawu obwererawo amampeza akali chifuulire, ndipo sawamva konse.

Rada, makina amene amaona ndege ili kutali, imatsata nzeru yomweyi. Imaponya kachidutswa ka mafunde a wailesi, nikhala chete kudikira kuti kagunde ndege ndi kubwerera. Mafundewa amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kotero nthawi yake amaiwerenga m'mamaikulosekondi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Pa maikulosekondi imodzi mafunde amayenda mamita 300. Koma popeza ulendo wake ngwopita ndi kubwera, maikulosekondi iliyonse iimira mtunda wa mamita 150.

Nzeruyi siinayambire pa nkhondo. M'chaka cha 1925, Gregory Breit ndi Merle Tuve a ku Washington ankaponya tizidutswa totere kumwamba pofuna kupima kutalika kwa mlengalenga umene umabweza mafunde a wailesi. Patapita zaka khumi, pa 26 February 1935, Robert Watson-Watt ndi Arnold Wilkins anasonyeza kufupi ndi Daventry ku England kuti ndege nayo imabweza mafunde. Mmenemo ndimo munachokera Chain Home, mndandanda wa nsanja zimene zinalonda gombe la Britain pa nkhondo ya 1940. Nsanjazo zinkafuula ka 25 pa sekondi, ndipo mfuu iliyonse inkatha mamaikulosekondi ngati 20.

Apa ndiye pagona nkhani. Mamaikulosekondi 20 ndiwo makilomita atatu. Ndege ziwiri zotsatana pa mtunda wochepera apo zimabweza mafunde amene amalowana, ndipo pa galasi la rada zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Kachidutswako kakafupika kufika pa maikulosekondi imodzi, ndege zotalikirana mamita oposa 150 zimaoneka iyi payokha, iyo payokha. Kwa munthu woongolera ndege pa bwalo usiku wa mvula, kusiyana kumeneku si kwa masamu chabe. Muli miyoyo ya anthu.

Tsono mmisiri wokonza rada sangadikire kuti ndege idutse ndipo adziwe ngati makina ake ali bwino. Amapanga yekha ndege yabodza pa tebulo. Chida chake ndi signal generator, bokosi lotulutsa mafunde a wailesi pa mlingo uliwonse umene iye wafuna. Mkati mwake muli kachitseko ka magetsi, kawirikawiri kopangidwa ndi PIN diode, kamene kamatsekula ndi kutseka njira ya mafundewo msanga kuposa kuphethira kwa diso. Akafuna kuyerekeza ndege ili pa makilomita 15, amachedwetsa kachidutswako ndi mamaikulosekondi 100, nakachepetsa mphamvu pang'ono pang'ono mpaka rada ileke kukamva. Pamenepo wadziwa kuthwa kwa khutu la radayo. Galasi likasonyeza makilomita 17 m'malo mwa 15, wadziwanso kuti rada ikunama.

Kunena nkosavuta, koma chitseko chili ndi makhalidwe ake. Sichitsekuka nthawi yomweyo: mphamvu imakwera, kenaka nkutsika, ndipo kukwerako kukachedwa, kachidutswa kakafupi kamatha kasanafike pa msinkhu wake. Makina abwino amakono amakwera m'nthawi yosapitirira gawo limodzi mwa magawo 100 a maikulosekondi. Choipa koposa ndi chitseko chosatsekeka kwenikweni. Mafunde amene amadontha pa nthawi yoyenera kukhala chete amaphimba tizidutswa tofooka, tomwe mmisiriyo akufuna kuyesa. Nchifukwa chake opanga makinawa amayesetsa kuti mphamvu yodonthayo ichepe ka 100,000,000 poyerekeza ndi ya chitseko chotsekula.

Palinso lamulo la chilengedwe limene palibe mmisiri angalizembe. Kachidutswa kakafupika, mafunde ake amamwazikira ku malo a mawailesi oyandikana nawo. Ka maikulosekondi imodzi kamafuna malo okwana ngati megahertz imodzi, ndipo makina olandira amene khomo lake nlopapatiza kuposa apo amakafwifwitsa, kakona kake konse nkutha.

Msampha umene umakola ophunzira ambiri uli pa mita yopimira mphamvu. Tiyerekeze kuti signal generator ikuponya kachidutswa ka maikulosekondi imodzi ka 1,000 pa sekondi. Ndiye kuti pa sekondi yonseyo imalankhula gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000. Nthawi yotsalayo ili chete. Mita wamba imaphatikiza kulankhula ndi kukhala chete pamodzi, nisonyeza mphamvu yochepa ka 1,000 kuposa yeniyeni. Wosadziwa amaganiza kuti makina afooka, nawonjezera mphamvu, mapeto ake nkuotcha zipangizo zanthete za khutu la rada. Mmisiri wozolowera amayamba waona kachidutswako pa galasi la oscilloscope, napima kutalika kwake ndi kuchuluka kwa maulendo ake, ndipo pokhapo ndi pamene amakhudza kobowolera mphamvu.