Nkhandwe, Galu wa M'tchire

Tonse kuno ku Majaua tinaimvapo nkhandwe ikulira usiku, koma ndi ochepa amene anaiona bwinobwino. Imayenda kukada, ndipo ikamva fungo la munthu imathawa. Tiyeni tiidziwe nyama imeneyi, popeza timakhala nayo pafupi.

Nkhandwe ndi mbale wake wa galu. Msinkhu wake ndi wa galu wamng'ono wa pamudzi, ndipo zambiri zimalemera makilogalamu pakati pa 7 ndi 12. Ubweya wake ndi wotuwa. M'nthiti mwake muli mzere woyera umene uli ndi wina wakuda m'munsi mwake. Mchira wake ndi wa ubweya wambiri, wakuda, koma kunsonga ndi koyera. Mukaona nsonga yoyerayo ikulowa m'udzu, dziwani kuti si galu wa mnansi wanu.

Pali mtundu wina wa msana wakuda umene umapezeka ku Botswana, ku South Africa ndi ku Kenya. Umenewo ndiwo umavuta alimi a nkhosa. Ku America kuli nkhandwe yotuwa imene imakwera mitengo ngati mphaka. Yathuyi sikwera mtengo, ndipo mfundo imeneyi tiisunge, itithandiza kutsogoloku.

Kodi nkhandwe imadya chiyani? Ambiri tiyankha msanga kuti nkhuku. Inde, ikapeza khola losatseka imagwira nkhuku. Koma chakudya chake cha masiku onse ndi mbewa, akalulu, ziwala, ngumbi, mazira a mbalame ndi nyama zofa. Imakondanso zipatso zakugwa pansi, monga masuku, maula ndi nkhuyu. Nyengo ya zipatso ikafika, ndowe zake zimadzaza ndi nthanga. Motero imabzala mitengo ya zipatso kutali ndi kumene inadya, popanda khasu.

Taganizani za mbewa. Mbewa zimafukula chimanga chimene tangobzala, zimadya mtedza m'nthaka, zimalowa ndi m'nkhokwe momwe. Banja limodzi la nkhandwe limasaka usiku uliwonse, chaka chonse, m'mbali mwa minda yathu. Ife tikafuna mbewa timatentha tchire lonse. Nkhandwe imangotchera makutu, n'kudumpha, basi yagwira. Kunena zoona, pa ntchito imeneyi imatiposa.

Moyo wake wa m'banja ndi wodabwitsa. Yaimuna ndi yaikazi zimakhala ziwiriziwiri kwa zaka zambiri, ndipo zimateteza dera lawo pamodzi. Yaikazi imakhala ndi bere miyezi 2 ndi masiku pang'ono, kenaka imaswa ana 3 mpaka 6. Imaswera mu una umene nyama ina inasiya, kapena m'chulu chakale, kawirikawiri mvula ili pafupi kuyamba. Yaimuna imabweretsa chakudya. Makolo onse awiri amameza nyama kutchire, n'kudzailavulira ana pakhomo pa una. Akaona kuti malowo adziwika, amasamutsa ana onse. Anawo amasiya kuyamwa akakwanitsa miyezi 2, ndipo amachoka kukafuna dera lawo chaka chisanathe.

Akuluakulu ena amati nkhandwe ikalira pafupi ndi mudzi ndi malodza, kugwa maliro. Sitikunyoza makolo, koma kulirako ndi kuitanizana kwa mwamuna ndi mkazi, ndiponso kuchenjeza nkhandwe zina kuti pano pali eni ake. Imalira m'midzi imene muli maliro ndi m'midzi imene mulibe.

Choopsa chenicheni ndi china: chiwewe. Nkhandwe imatenga chiwewe ndi kuchipatsira, monga amachitira galu. Ku Zimbabwe matendawa anafalapo kwambiri pakati pa nkhandwe za m'mafamu akuluakulu. Kachirombo kake kamakhala m'malovu, ndipo kamalowa pa bala. Nkhandwe yabwinobwino imaopa munthu. Tsono mukaiona masana ili pabwalo, yosaopa, ikudzandira, malovu ali chuchuchu, kapena ikulimbana ndi agalu, lowetsani ana m'nyumba. Musaigwire ngakhale itafa, ndipo musaisende.

Munthu akalumidwa ndi nkhandwe kapena galu, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musathirepo dothi kapena phulusa. Kenaka pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, akayambe kulandira jekeseni, ndipo akamalize onse amene a chipatala anena. Ulendo wa ku Milange ndi wautali, tikudziwa, makamaka m'dzinja misewu ikaonongeka. Koma musadikire kuti muone ngati adwale. Matendawa amabisala m'thupi mwezi umodzi, iwiri, ngakhale itatu, bala litapola kale. Akaonekera, munthu akayamba kuopa madzi, mankhwala ake palibe. Katemera wa chiwewe si wachilendo ayi. Louis Pasteur wa ku France anayamba kupulumutsa naye anthu m'chaka cha 1885.

Tisaiwale kuti anthu ochuluka zedi amene amafa ndi chiwewe amachitenga kwa galu wa pamudzi, osati kwa nkhandwe. Galu wathu amapita kutchire, amamenyana ndi nkhandwe, madzulo akusewera ndi ana pakhonde. Agalu 7 mwa agalu 10 aliwonse akabayidwa katemera chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsa. Alangizi a ziweto akalengeza tsiku lobaya agalu, tisiye khasu tipite nawo. Anzathu a kutsidya kwa Ruo, ku Malawi, nawonso ali ndi udindo womwewo, chifukwa galu ndi nkhandwe sizifunsa chitupa pa malire.

Nanga nkhuku zathu? Kutchera poizoni n'kulakwa, chifukwa amafa ndi agalu, amphaka ndi mbalame zomwe, ndipo mwana angathe kumutola. Tanena kuti nkhandwe yathu sikwera. Mangani khola la m'mwamba pa mitengo inayi yolimba, lotalika kufika pachifuwa pa munthu wamkulu. Nkhuku zikalowa madzulo, chotsani makwerero ndi kutseka chitseko.